Kukatenga Levisoni ku Joni

Uthenga unatipeza mu Okutobala, tiyi atapsa nsonga m'minda ya esiteti, mvula isanagwe. Levisoni, mwana wa mlongo wanga Esinati, wamwalira ku Joni. Chinamutenga ndi chifuwa. Anapita kumeneko ali mnyamata ndipo sanabwereko ngakhale pa Khirisimasi.

Ine ndine mwini mbumba. Kwathu kuno ku Masambanjati mwana ndi wa kuchikazi, ndipo akafera kutali womutenga ndi malume ake. Panalibe zokambirana. Anzake a ku Joni anasonkha, napeza kampani yonyamula maliro. Kwa ine kunatsala kukasaina ndi kubwera naye.

Esinati anakhala pakhonde atatambalala, nati:

"Achimwene, katundu wake sindikumufuna. Ndikufuna ndimuone nkhope. Musandibweretsere bokosi lokhomerakhomera ngati la mwana wa a Mulinde."

Mwana wa a Mulinde anabwera chaka chinacho kuchokera konko. Adzukulu atatsegula bokosi anangolitsekanso msanga, nauza amake kuti alire ali panja. Mayi uja mpaka lero amafunsa anthu ngati anaikadi mwana wake kapena wa eni.

Ndinayankha kuti, "Mudzamuona."

Ine sindilonjeza wamba. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma mafiriji a pagalimoto ndimawadziwa. Ndinayambira m'galaja ya esiteti kupatsira masipanala, kenako ndinayenda zaka zambiri ndi malole a mkaka ndi nyama, kuchoka kuno ku Thyolo mpaka Lilongwe ndi Mzuzu. Mkaka sunasasepo m'manja mwanga. Ndinatenga kachikwama ka zitsulo, suti yakuda ndi pasipoti, n'kukwera basi ku Blantyre.

Za popita sindinena zambiri. Basi inali yodzaza, miyendo inatupa, ndipo mnyamata amene ndinakhala naye anadya tchipisi kuyambira Mwanza mpaka Harare osandifunsa ndi dzina lomwe.

Ku Joni ndinapempha kuona zinthu ziwiri: thupi ndi galimoto. Thupi linali bwino. Anali atamubaya mankhwala ndi kumuveka malaya oyera. Koma mankhwala ali ndi malire, pamene dzuwa la ku Tete lilibe. Bokosi analimanga ndi masikuluwu ine ndikuona, nandiuza kuti lisatsekulidwenso mpaka kumudzi.

Galimoto inali veni yoyera, kutsogolo mipando itatu, kumbuyo chipinda chozizira, ikukoka kangolo ka katundu. Firiji ya mtundu umenewu ilibe injini yakeyake. Kompuresa, imene imakankha gasi woziziritsa, imazungulitsidwa ndi lamba wa injini ya galimoto. Injini ikazima, kuzizira kwaima. Padenga pali kondensa, tizitsulo topyapyala totaya kutentha kunja. M'chipindamo muli fani yokoka mpweya ndi kuubweza uli wozizira. Pafupi ndi chiwongolero pali geji, ndipo geji iyenera kukhala pa 3. Palinso chingwe cholumikiza kumagetsi galimoto ikagona pamalo. Ndi zomwezo.

Dalaivala anali a Jafali, Myao wa ku Mangochi, wamfupi, wolankhula ngati wailesi. Anandipeza ndili padenga ndikutsuka kondensa.

"Madala, mukufuna kuigula?"

"Ndikufuna ndidziwe chimene ndikugonekamo mwana wa mlongo wanga."

"Iii! Anthu amene ndanyamula m'menemu ndi ambiri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anadandaulapo."

Sindinaseke. Ndinamanga lamba, amene anali wolobodoka, n'kuwauza malamulo anga. Injini sizima. Chitseko sichitsekulidwa pokhapokha a pa boda atalamula.

"Alomwe inu," anatero. "Kalongonda mumamuphika tsiku lonse, ndiye mwazolowera kusazimitsa moto."

Kwa anthu athu a ku Joni, galimoto ya maliro ndi basi ya katundu. Anabwera ndi zigubu za mafuta ophikira, masipika, matumba a zovala, aliyense ndi dzina la mbale wake. Kangolo katadzaza anafuna kulonga zotsalazo m'chipinda chozizira, m'mbali mwa bokosi. Ndinakana. Mpweya wozizira umafuna njira. Ena anang'ung'udza kuti madala awa ndi ouma mtima. Sindinawatsutse.

Tili pafupi kunyamuka anandibweretsera mtsikana wovala zakuda, atanyamula bulangete lofiirira pamkono.

"Awa ndi akazi a malemu, a Dorika. Kwawo ndi ku Ntcheu. Apita nanu."

Ine sindinamvepo kuti Levisoni anakwatira. Nkhoswe yake ndikanakhala ine, ndipo palibe anandifunsa. Mtsikanayo anagwada nati, "Amalume." Ndinayankha kuti, "Mayi," n'kuyang'ana matayala.

Tinanyamuka madzulo, iye pakati, ine kuwindo. Kunatichera tili ku Musina.

Pa Beitbridge mzera unali wautali, dzuwa likungotuluka kumene koma litayamba kale kuluma. Tinasuntha pang'ono, kuima, kusuntha pang'ono, kuima. A Jafali anatambasulira dzanja pakiyi. Ndinaligwira.

"Madala, dizilo! Bwana wanga amanunkhiza thanki."

"Anunkhize."

Anachotsa dzanja akuseka. Kunena zoona, munthu uja sanayeserenso ulendo wonse.

A zaumoyo anabwera kudzaona bokosi ndi mapepala. Chitseko chitatsekulidwa Dorika anati, "Amalume, ndilowe pang'ono?" Ndinagwedeza mutu movomera, poti amandiitana kumbali kuti ndisaine. Pobwera ndinamupeza atatuluka. Ndinakankha chitseko msanga osasuzumira, maganizo ali pa mpweya wotentha umene ukulowa.

Tinalowa Zimbabwe. Msewu wa ku Masvingo unali ndi malo ena okonzedwa, ena okumbidwa, ndipo kumeneko tinkapatukira m'fumbi kumbuyo kwa malole. Apolisi anatiimitsa kangapo. Akamva kuti ndi maliro ankavula chipewa n'kutikodola kuti tipite, kupatula mmodzi amene anafuna kuona chozimira moto.

Ndinayamba kumva kanthu tisanafike Ngundu. Kompuresa ikagwira imati tcha, ikasiya imati tcha. Kunja kukatentha imayenera kugwira nthawi yaitali. Iyi inkagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, ngati munthu wa befu.

"Imani."

"Madala, geji ikuti 2. Mukufuna aume gwa ngati nkhuku ya m'shopu?" Atatero anakumbuka amene wakhala pambali pawo. "Pepani alamu, pakamwa pangapa palibe mabuleki."



Ndinaganiza kuti gasi akuthawa. Ndinasungunula sopo m'kabotolo n'kupaka m'malumikizidwe onse a mapaipi, kuyang'ana thovu. Panalibe. Lamba anali bwino. Pa Masvingo ndinakweranso padenga n'kutsuka kondensa, imene inali itadzaza fumbi ndi agulugufe. Tinanyamuka, phokoso lija lilipobe. Dorika anagula mazira owiritsa n'kundipatsira ndi manja awiri. Ndinatenga limodzi.

A Jafali anati, "Bwanji tingotsegula tione?"

Ndinati, "Chitseko sichitsekulidwa." Lamulo linali langa, ndipo ndinali nditalinena pagulu.

Pa Chivhu tinaima kumwetsa dizilo, dzuwa litapendeka. Ndinazungulira kumbuyo n'kuika dzanja pachitsulo cha m'mphepete mwa chitseko. Chitsulo chimenecho chimakhala ngati mwala wa mumtsinje. Chinali chofunda. Ndinagwada kuyang'ana kapaipi kotayira madzi pansi pa galimoto. Kanali kouma.

Ndinatsegula.

Mpweya umene unandifika kumaso unali ngati wa m'nyumba m'mawa. Sunali wa firiji. Kutsogolo kwa chipindacho, pamwamba pa mutu wa bokosi, bulangete lofiirira lija linali litaphimba fani yonse. Analimanga bwinobwino m'makona ndi timizere ta chitenje, n'kulipindira m'mbali kuti pasatsale mpata. Kuseri kwake kunali ayezi wokhawokha. Kuzizira konse kunkangozungulira m'kati mwa bulangetemo, pamene pali kawaya koyeza. Geji sinkanama. Inkanena za kuseri kwa bulangete. Levisoni anali atayenda tsiku lonse popanda firiji.

Ndinatuluka. Mawu ndinali nawo, ndipo amene anagwirapo ntchito pansi panga amawadziwa.

"Wachita izi ndani?"

Dorika anabwera n'kugwada pasimenti ya pafilingi, anthu akuona.

"Ndine, amalume."

"Chifukwa?"

"Mphepo ija imamuomba kumutu penipeni. Iye ndi mphepo sankagwirizana. Mu Juni ankagona ndi chipewa ndi masokosi awiri. Kuchipatala ankangoti, Dori, tseka windo." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Nditalowa muja ndinamva kuzizira mpaka m'mafupa. Ndinati ulendo wonsewu ayenda chonchi? Sindinazimitse kanthu, amalume. Ndinangotchinga."

Ndinaima pamenepo. Ndinakumbuka chiperoni cha kwathu, nkhungu itakwirira minda ya tiyi, Levisoni ali wa Sitandade 2. Ankathawa sukulu n'kubwera kugalaja, kudzakhala chonjuta pafupi ndi injini ya thalakitala imene yangozima kumene, manja m'khwapa. Ndinkamuthamangitsa, mawa lake n'kumupezanso pompo. Sindinkadziwa kuti padziko pali munthu wina amene akudziwa zimenezi za iye.

Mawu aja ndinawameza.

"Dzuka. Mvera. Kumudzi amake akudikira kuti amuone nkhope. Sanamuone chichokereni. Chimene chikusunga nkhopeyo ndi mphepo imeneyi."

Anandiyang'ana, maso ali tong'o.

"Ndamuononga?"

"Sindikudziwa."

Sindikanamunamiza. Bokosi silikanatsekulidwa panjira, ndipo ngakhale likanatsekulidwa panalibe chimene ndikanabweza.

Ndinamasula bulangete. A Jafali anabwera ndi sikuludiraiva kuti agwaze ayezi. Ndinawaletsa, chifukwa ukaboola kapaipi kamodzi gasi yense wapita. Ndinadina batani losungunulira, tinatseka chitseko, n'kudikira mpaka madzi atayamba kutsika pakapaipi kaja, choyamba madontho, kenako ngati mbuzi ikukodza.

Dorika anali ataima poteropo, bulangete atalikumbatira. Mwa ntchito yanga, pabokosi sipayenera kukhala chofunda chilichonse. Ndinatsegulanso chitseko pang'ono.

"Lipinde kanayi. Uike kumapazi kokha. Fulumira."

Anaika, nalisalaza ndi dzanja, n'kutuluka.

Titakwera, geji inanena zoona zake: 14. A Jafali anaimba mluzu. Ine ndinamulozera Dorika gejiyo.

"Ntchito yako ndi iyi. Ikasintha uzindiuza. Ukamva tcha, tcha motsatizana, undidzutse."

Kuyambira pamenepo mtsikana uja sanachotse maso pageji. Tikulowa mu Harare anati, "11, amalume." Pa Mutoko anati, "7." Tinagona pa Nyamapanda injini ikulira, ndipo m'mawa nditatsegula maso ndinamupeza ali chikhalire.

"3, amalume. Yakhala pa 3 kuyambira atambala."

"Wagona?"

"Ndigona kumudzi."

Tinaoloka kulowa Mozambique. Pa Cuchamano anatichedwetsa pang'ono chifukwa wodinda mapepala a maliro anali asanafike. Osintha ndalama anatizungulira ngati ntchentche, koma atawerenga zolembedwa pagalimoto anabalalika okha. Kuchoka apo ndi malambe, mbuzi, miyala ndi dzuwa. Pa Changara chitsulo cha windo chinkaotcha chigongono. Kompuresa tsopano inkagwira osasiya, monga iyenera kuchitira, ndipo geji inakwera pa 4 n'kukhazikika.

Tikuyandikira mlatho wa Tete a Jafali anachepetsa liwiro.

"Madala, muuzeni. Onse amene ndimanyamula amauzidwa pamadzi akulu."

"Mpingo wathu umaphunzitsa kuti wakufa ali m'tulo. Samva."

"Ndiye wogona salankhulidwa? Mkazi wanga amandilankhula ndili m'tulo tsiku lililonse."

Dorika anatembenuka, nagogoda kawiri pakhoma la kumbuyo kwa mipando.

"Levi, Zambezi uyu. Tikuoloka. Usaope, amalume ali pompano."

Sindinamuletse. Ndinayang'ana madzi.

Vuto linatipeza titapitirira Moatize, msewu utayamba kukwera kulowera ku Zobue. Lole ya malasha inali itagwa chopingasa pakona, pafupi ndi kamsika kena. Magalimoto anaima mbali zonse ziwiri. Inali nthawi ya nkhomaliro, kopanda mthunzi, kopanda kamphepo. Tinadikira injini ikulira. Patapita nthawi a Jafali analoza geji yawo ya injini. Muvi unali pofiira. Pansi pa galimoto madzi anali kudontha. Paipi ya rediyeta inali itang'ambika pakhosi.

"Madala, apa ndiye musandigwire dzanja. Ndikapanda kuzimitsa, injini ipsa, ndipo tonse anayi tigona pano mpaka Lolemba."

Ananena zoona. Ndinati, "Zimitsani."

Kunakhala zii. Chipinda chotsekedwa bwino chimasunga kuzizira kwa kanthawi, koma pa dzuwa limenelo, ndi zimene zinachitika dzulo lake, ndinalibe kanthawi kotaya. Kukonza paipi kunafuna kuti injini iyambe yazizira. Ndinatulutsa chingwe cha magetsi n'kuyang'ana kumsika. Mawaya analipo.

Ndinayamba ndi kanyumba kometera. Mwini wake anandiyang'ana, nayang'ana galimoto, nati maliro sangalumikizidwe kunyumba yake, makasitomala angathawe. Wa mabatire a foni anati magetsi ake ndi ofooka, ndipo sananame, anali a sola. Pobwerera ndinapeza Dorika palibe.

Ndinamuona ataima pakhomo la golosale yopaka laimu, akulankhula ndi mayi wina wonenepa, wa mpango wachikasu. Chinyanja cha kumeneko n'chomveka. Ndinafika mayiyo akufunsa kuti:

"Ali m'menemoyo ali ndi amake?"

"Ali nawo. Akudikira ku Thyolo."

"Nanga iwe ndiwe ndani wake?"

"Mkazi wake."

Mayi uja anandiyang'ana ine. "Soketi yamphamvu ndili nayo imodzi, ya firiji yangayi. Zulani."

M'firiji yakeyo munali mafirizesi odzaza, malonda ake a tsiku lotentha ngati limenelo, anthu ambirimbiri ataima pamsewu. Ndinamuuza kuti asungunuka.

"Bambo, ndati zulani. Kapena Chinyanja changa sichikumveka?"

Chingwe chinali chachifupi. A Jafali anakuwa, madalaivala a malole anatsika, Azimbabwe, Amalawi ndi eni dziko, n'kukankha veni ndi kangolo kake mpaka pakhonde la golosale. Pulagi yathu inali ya ku Joni, ya mano atatu onenepa, pamene soketi inali ya mabowo awiri. Ndinadula pulagi, kusenda mawaya, kumangirira pa pulagi ya ayironi ya mayiyo, n'kukulunga tepi. Waya wachitatu ndinaumanga pachitsulo chimene ndinakhoma pansi n'kuthirapo madzi. Nditadina, mota ya padenga inayamba kung'ung'uza.

Dorika anathamangira kutsogolo. "8, amalume!" Patapita kanthawi, "7!"

Tinakhala pamenepo masana onse. A Jafali anadula paipi pong'ambikapo n'kuibwezeretsa, akutukwana kampani yawo m'Chiyao. Mayi wa golosale anatulutsa mafirizesi m'beseni atayamba kufewa, nagawira ana ndi madalaivala aja. Wina anafuna kulipira, iye anati, "Lero ndi za maliro." Anapatsa Dorika madzi osamba kuseri, namukhazika pamphasa, ndipo mtsikana uja anagona pompo ngati mwana, kukamwa kuli yasa. Geji ndinayang'anira ndine.

Ine sindidya za ulele. Ndinapempha mayiyo ndalama alandire, anakana. Ndiye ndinakokera firiji yake pabwalo. Kumbuyo kwake kunali fumbi ndi maukonde a akangaude a zaka. Ndinatsuka. Labala wa pachitseko anali atauma, ndinamuviika m'madzi otentha mpaka anafewa n'kugwiranso. Ndinamuuza kuti asamaigunditse kukhoma, azisiya mpata wa dzanja.

"Amuna anga amati ikagunda khoma ndiye imaoneka bwino," anatero.

"Amuna anu amagulitsa chiyani?"

"Sagulitsa kanthu. Amangolankhula."

"Ndiye muzimvera ine."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Dzina lake sindinafunse, ndipo ndimadandaula.

Lole ija inakokedwa dzuwa litafiira. Tinabwezera pulagi pa ayironi, n'kunyamuka geji ili pa 3. Pa Zobue sanatichedwetse. Pa Mwanza tinagona pafilingi ina imene inatibwereka pulagi n'kutilola kulumikiza chingwe, ndipo injini inapumako. M'mawa a Jafali anagula mandasi ndi tiyi, nati uyu ndi tiyi wa kwanu madala, mumwe mwaulemu. Anali wamadzimadzi. Ndinawauza kuti wa kwathu amapita kunja, uyu ndi zosesa za m'fakitale.

Blantyre tinangodutsa. Limbe, Bvumbwe, kenako minda ya tiyi mbali zonse. Dorika anali asanafikeko kuno. Anafunsa ngati zonsezi ndi za munthu mmodzi, ndipo ndinamuonetsa galaja imene ndinayambira ntchito, ndi njira imene Levisoni ankadutsa pothawa sukulu. Othyola tiyi anaima ndi madengu kumsana kuyang'ana galimoto. Titakhota pa boma kulowera ku Masambanjati iye anasiya kufunsa.

"Amalume, akakhala kuti waonongeka, muwauze amayi kuti ndine."

"Wotseka chitseko osayang'ana anali ndani?"

Ndinadziloza pachifuwa.

"Ndiye khala chete, mwana wanga. Zoyankha ndi zanga."

Pamsewu wa kumudzi anali ataika kale masamba. Amayi a mpingo anatichingamira ndi nyimbo, nayenda m'mbali mwa galimoto mpaka pabwalo.

Mwambo wathu ndi wakuti adzukulu amayamba aona okha. Iwo ndi amene amagamula ngati abale aone nkhope kapena bokosi lipite lotseka. Analowetsa bokosi m'nyumba ya Esinati, natulutsa amayi onse, n'kutseka chitseko. Tinatsala anthu anayi: a Mathewe, mkulu wa adzukulu, anzawo awiri, ndi ine. Kunja nyimbo inkapitirira.

Masikuluwu ndinamasula ndekha. Atanyamula chivundikiro sindinayang'ane m'bokosi. Ndinayang'ana a Mathewe.

Anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Anakonza kolala ya malaya ndi zala ziwiri, naweramuka.

"Kaitaneni amake."

Esinati analowa atagwiridwa mikono ndi amayi awiri. Pakhomo anawakankha, nayenda yekha. Anagwada pamutu pa bokosi, naika dzanja pachipumi cha mwana wake, n'kulitsitsa patsaya.

"Ndi iyeyu," anatero. "Achimwene, ndi iyeyu. Levisoni wanga." Anamusisita m'mutu, kenako anaima. "Koma imvizi? Imvizi anazitenga liti?"

Mawu anachokera kukhomo, ang'onoang'ono.

"Chaka chatha, amayi. Zinayambira kumanzereku."

Esinati anatembenuka. Dorika anali atagwada pakhomo penipeni, osalowa, osatuluka.

"Ameneyu ndani?"

"Mpongozi wanu," ndinatero. "Dorika. Ndi amene anamudwazika, ndipo ndi amene wamulondera njira yonse."

Mlongo wanga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Kenako anasendera, nasiya malo pamphasa pambali pake, naomba pamalopo ndi chikhatho.

"Bwera ukhale apa. Undiuze zonse. Uyambire tsiku limene unamuona koyamba."